Mlatho wa a Kefasi

Nkhaniyi anandiuza ndi Sudi, wosoka nsapato ku Chikanga, ndikudikira kuti amate yanga yomwe inali itayasama.

Akuti atayika maliro a bambo Kefasi, abale anakhala pansi kugawa katundu. Majekete anapita, njinga inapita. Panatsala makina akale oonetsera kanema, amene malemu ankayenda nawo m'makomboni a kumigodi, ndi chitini chimodzi cha filimu.

"Wogula zitsulo abwera mawa," anatero Tongai, mwana wawo woyamba. "Chinthuchi chikungotha malo, amayi."

"Tiwonetse kaye," anatero mayi Esnath, amasiyewo, mawu atasasa.

Anatchinga dzuwa ndi mabulangete. Pakhoma panatuluka kamunthu kojambulidwa, kovala zitsulo thupi lonse, katakwera hatchi ya mafupa okhaokha. Kakati kabaye, mkondo unkapindika. Kakati kapenye, chisoti chinkadzitsekera chokha. Filimuyo inalibe mawu. Mawu ankaikamo ndi a Kefasi ataima pambali, ndipo kwa iwo kamunthuko kanali mtchona wobwerera ku Ntcheu, kwawo kwa a Kefasiwo, kumene sanakapondekonso chichokereni.

Tsopano ankangomveka makina, kwete kwete.

"Apa adadi ankati, 'Hatchi iwe, usandichititse manyazi kwa apongozi,'" anatero Petronella, mwana womaliza, wobadwira m'dziko la eni ngati abale akewo, Chichewa chake chikutsimphina. Palibe anaseka.

Kamunthuko kanafika pamlatho, nyumba ikuoneka kutsidya.

"Imathera pomwepa," anatero Tongai akudziwongola.

Koma filimu inapitirira. Thabwa loyamba linathyoka, hatchi n'kuyang'ana pansi. Anawo anapenyana: chibadwire anali asanaonepo zimenezi.

Mayi Esnath anadzuka atagwira bondo, n'kuika chikhatho pagalasi la makinawo. Khoma linada bii.

"Bambo wanu ankatseka apa," anatero. "Ankati, 'Wafika ameneyo, omberani m'manja.'"

"Ndiye kamagwa, amayi?" anafunsa Tongai.

"Kaya. Sindinawafunsepo."

Tongai anazimitsa makina, kukulunga chingwe, n'kukawalowetsa kunsi kwa bedi. Amayiwo anatsala chiimire, dzanja lili m'malere.

Sudi akuti wogula zitsulo anabwerera chimanjamanja, ndipo filimuyo sinaonetsedwenso. Zoyambazo ndikuvomera. Zachiwirizo ndikukayika. Ndayenda ine, ndaona ana a anthu: amene waona thabwa likuthyoka sangakhale osafuna kudziwa. Ndikuganiza kuti Tongai anaionera yekha mpaka kumapeto, ndipo sanauze amayi ake.