Kagalimoto Kobisa Anthu ka a Gashe Yirga

"Mwana wanga sakwera galimoto imeneyo, Ababa. Ndanena, ndatha."

Mastewal ananena mawuwa atakhala pamphasa, khanda lili kubere, ife tonse tili ndi timakapu ta khofi m'manja. Bambo ake, a Gashe Yirga, anaika kapu pansi ngati yawaotcha. Ubatizo wa mdzukulu wawo woyamba unali Lamlungu lotsatira, ndipo iwo anali atauza kale anzawo onse ogulitsa uchi mumsika wa kuno ku Debre Markos kuti mwanayo adzapita kutchalitchi pa galimoto ya agogo ake.

Galimotoyo inali yaing'ono, yobiriwira, yogula kwa munthu. A Gashe Yirga ankaitsuka m'mawa uliwonse asanasukusule n'komwe. Koma chiigulire inali itagunda kale katatu. Koyamba inagunda ngolo ya bulu yodzaza anyezi. Kachiwiri inakhula bajaji, tinjinga tamoto ta matayala atatu tija. Kachitatu inagwetsa nkhosa ya eni ake. Mulungu ndi wachifundo, palibe amene anavulala, ngakhale nkhosayo inadzuka n'kupitiriza ulendo. Mwini ngolo uja atatha kukalipa anawatolera anyezi ophwanyika m'kathumba kuti akaphikire kunyumba. Koma ngozi zonsezi zinkachitika mofanana: pokhota, ndipo mbali yakumanzere, kumene woyendetsa amakhala.

"Ine ndalakwa chiyani?" anatero a Gashe Yirga. "Ndimayang'ana, msewu uli mbee. Ndikangokhota, bulu uyu! Bulu ameneuja anachita kutumphuka pansi."

"Ndi ngolo yomwe?" anafunsa Mastewal.

"Ndi ngolo yomwe, ndi anyezi omwe!"

"Ndiye mukufuna mwana wanga akhale m'galimoto pamene abulu akutumphuka pansi? Tikwera bajaji."

"Mdzukulu wa Yirga pa bajaji? Kumsika ndikaloze pati nkhope?"

Akazi awo, a Etiye Asnakech, anathira lubani pamakala n'kupukusa mutu. Iwo ankadziwa kale chifukwa chake. "Ndi diso loipa ili," anatero chapansipansi. "Anthu sakondwa mnzawo akagula kanthu."

Mayiwa sanangokhala manja lende. Tsiku la bulu lija anapita pachipata cha tchalitchi n'kugula chithunzi cha Gabirieli Woyera. Anachimata pakona yakumanzere ya galasi lakutsogolo, moyandikana ndi chitsulo chokhuthala chimene chimachoka pansi pa galasi kukagwira denga. Ankati mdani amalowera pamenepo. Tsiku la bajaji anawonjezera Mikayeli Woyera. Tsiku la nkhosa anabweretsa Giyorigisi Woyera ali pa hatchi yake, chithunzi chachikulu kuposa zonse, n'kupachikaponso mtanda wa kanjedza.

Kuno kwathu khofi samwa wekha, umaitana anansi. Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda wawo, n'chifukwa chake ndinalipo. Mnansi wina, Sajeni Bizunesh wa apolisi apamsewu, anafika mochedwa, akadali m'yunifolomu. Anavula nsapato pakhomo kuti asadetse udzu umene unayalidwa pansi, anapsompsona khanda pachipumi, n'kukhala phee kumvetsera. Anadikira mpaka kapu yachitatu itatha, pakuti kunyamuka isanathe n'kunyoza mwini nyumba.

"Gashe, tiyeni tikaione galimotoyo," anatero kenako.

Tinatuluka tonse. Panjapo tinakumana ndi ansembe athu, a Kes Melaku, amene ankabwera kudzaona khanda, ambulera yawo yaikulu ili m'manja.

"Mwafika bwino, Abambo, ndikubwerekani pang'ono," anatero Sajeni. "Gashe, khalani pa chiwongolero monga mumakhalira. Tsinzinani."

"Nditsinzine? Anthu akunena kale kuti ndimayendetsa chotsinzina."

"Lero tsinzinani ndi chilolezo cha boma."

Atatsinzina, Sajeni anagwira dzanja a Etiye Asnakech n'kukawaimika chapatali ndithu, kutsogolo kwa galimoto chakumanzere. Pambali pawo anaimika ansembe, ambulera ili chitambasulire.

"Tsegulani maso, koma mutu musausunthe. Mukuona ndani?"

"Ndikuona mpanda. Ndikuona tambala wa kwa aneba. Ndikuona Giyorigisi Woyera."

"Akazi anu ali kuti?"

"Abwerera m'nyumba. Amatero, sachedwa kutopa ndi nkhani za galimoto."

"Ndili pano, bambo inu!" anakuwa a Etiye Asnakech.

A Gashe Yirga anadzidzimuka mpaka kugunda hutala ndi chigongono. Tambala anathawa. Atasuzumira pawindo anaona akazi awo atagwira m'chiuno, ansembe ali pambali akugwedezeka ndi phwete.

"Mwatumphuka pansi nanunso?"

"Ndi thupi langa lonseli? Munthu wodya batala ngati ine n'kusowa masana dzuwa likuswa mtengo?"

Sajeni anagogoda chitsulo chija ndi chala. "Wakubisirani anthu ndi uyu. Umenewu ndi mzati wogwira denga. Ukuoneka wochepa, koma uli pafupi ndi diso lanu. Tayesani kuika chala chimodzi pafupi ndi diso, chimabisa nyumba yonse. Mzatiwu umabisa munthu, njinga, ngakhale ngolo ikakhala chapatali. Choopsa n'chakuti mukamakhota, winayo nayenso akuyenda, amatha kuyendera limodzi ndi mzati, osaoneka mpaka mutamufika."

"Ndiye kuti bulu uja..."

"Analipo kalekale, Gashe. Ankakuonani. Inu ndi amene simunkamuona."

A Gashe Yirga anauyang'anitsitsa mzatiwo. Kenaka maso awo anawala. "Ndiye kuti pali malo amene munthu angakhale osawaona akazi ake?"

"Alipo," anayankha a Etiye Asnakech, "koma iwo amakhala akukuona."

Tinaseka tonse, ngakhale Mastewal amene anaima pakhomo ndi khanda.

"Basi, nkhani yatha," anatero a Gashe Yirga akutuluka m'galimoto. "Mawa ndipita kwa owotcherera zitsulo akaudule mzati umenewu. Angosiyako kochepa ngati chala."

"Mukatero ndidzakugwirani ine ndemwe," anatero Sajeni. "Galimoto ikagubuduzika, chimene chimaletsa denga kukuphwanyani mutu ndi mzati womwewu. Anaukhuthalitsa dala. Tigalimoto ting'onoting'ono tambiri tili choncho, ndipo poti m'kati ndi mothina, mzati umakhala pamphuno penipeni. Siwodula ayi, ndi wouzolowera."

Kenaka anayang'ana zithunzi zija, n'kuyang'ana ansembe. Sanafune kunena yekha. A Kes Melaku anamva. Anapinda ambulera, analowa n'kukhala pa chiwongolero, n'kuyang'ana kanthawi.

"Mwana wanga Asnakech," anatero mofatsa, "unachita izi chifukwa chokonda mwamuna wako, ndipo Mulungu waona. Koma taona, oyerawa wawaimika pawindo. Pamene mzati umabisa munthu mmodzi, tsopano pakubisika awiri ndi ambulera yomwe. Mngelo sasowa kukhala pakona kuti agwire ntchito yake. Maso anatipatsa ndi Mulungu yemweyo."

A Etiye Asnakech anagwetsa nkhope. "Ndiye kuti nkhosa ija ndinaigunditsa ndine?"

"Ayi, Etiye," anatero a Gashe Yirga msangamsanga. "Bulu ndinamugunda pasanakhale chithunzi n'chimodzi chomwe. Ameneuja ndi wangawanga."

Ndinaona mayiwo akumwetulira pang'ono. Anamatula zithunzizo okha, mosamala, akupsompsona chilichonse. Ziwiri anakaziika m'nyumba pakhoma la mapemphero. Gabirieli Woyera anatsala m'galimoto, koma pansi, pafupi ndi wailesi, pamene satchinga kanthu.

Atatero anabwerera pamalo paja pamodzi ndi ansembe, a Gashe Yirga n'kukhalanso pa chiwongolero. "Nanga tsopano mukundiona?"

"Ndikuona ansembe. Inu ndikungoona chigongono."

"Mwaonatu," anatero Sajeni. "Zithunzi zachoka koma mzati ulipobe. Tsopano weramirani kutsogolo pang'ono. Bwererani. Pendekerani kumanzere, kenaka kumanja."

"Ee! Ndi awo! Asowanso. Ndi awo!"

"Muzitero pamphambano iliyonse ndi pokhota paliponse. Chepetsani liwiro, sunthani mutu, yang'anani mbali zonse ziwiri za mzati, ndipo muyang'ane kawiri. Mzati wakumanja nawonso umabisa. Ilinso ina m'mbali ndi kumbuyo, choncho musanapatuke kapena kubwerera m'mbuyo musadalire magalasi okha, cheukani. Mpando wanunso ukwezeni, mwakhala ngati muli m'dzenje."

"Ndizigwedeza mutu ngati nkhunda pamsewu? Anthu andiseka."

"Panopa akukusekani kale, Ababa," anatero Mastewal.

"Nanga ndikaphunzira, mwana akwera?"

Mastewal anayang'ana khanda lake. "Akanena Sajeni kuti mwakhoza, ndiganizira. Sindinalonjeze."

Sabata imeneyo Sajeni Bizunesh akaweruka ankakhala nawo m'galimoto, kuzungulira misewu ya kumsika, asanapite n'komwe kwawo kukadya. Sanalandire kanthu kupatula kabotolo ka uchi kamene anachita kumukakamiza. Kumsika anzawo anawapatsa a Gashe Yirga dzina loti Nkhunda. Ankati akamadutsa, ogulitsa uchi onse ankagwedeza mitu pamodzi. Iwo ankangoimika dzanja n'kupitirira.

Loweruka madzulo Sajeni anabwera ndi kampando ka mwana ka m'galimoto, kamene mwana wake anakulamo, n'kukamangirira kumbuyo. Kwa Mastewal anangonena kuti, "Ine ndingakwere."

Lamlungu m'mawa tinavala zoyera tonse. Mastewal anazungulira galimoto, anapenya bajaji imene inaima kutsidya kwa msewu, n'kupuma mozama. Kenaka analowa. Ine anandipatsa malo kumbuyo, pambali pa khanda. A Etiye Asnakech anakhala kutsogolo, milomo ikuyenda ndi pemphero.

Tinayenda bwino mpaka pamphambano yokhotera kutchalitchi. Pamenepo msewu unkaoneka wopanda munthu. A Gashe Yirga anachepetsa liwiro, anaweramira kutsogolo, anabwerera, anapendekera kumanzere, n'kuponda buleki.

Kuseri kwa mzati kunatuluka mayi wachikulire, atasenza chimkate chachikulu chozungulira chokulunga m'nsalu, akudutsa msewu osacheuka. Anali asewere awo, amayi a mwamuna wa Mastewal, atanyamula mkate wa phwando la ubatizo. Anadutsa pamphuno penipeni pa galimoto.

Ndinamva Mastewal akutulutsa mpweya.

A Gashe Yirga anatsitsa galasi. "Asewere! Mwadzuka bwanji? Mukadutsa osayang'ana chonchi, mkatewo tikadyera kuchipatala!"

"Ndinakuonani, asewere," anayankha mayiwo. "Ndimati nanunso mwandiona."

"Musamatero! Mukapanda kuona maso a woyendetsa, dziwani kuti nayenso sakukuonani. Funsani ine."

Panalibe malo oti akwere, koma a Etiye Asnakech anatsika, analandira mkatewo n'kuuika pamiyendo pawo kuti mnzawo ayende wopepuka. Khanda silinadzuke n'komwe. Linakadzukira m'manja mwa a Kes Melaku, madzi atalikhudza, ndipo linalira mokweza mpaka kumveka panja.

Titatuluka m'tchalitchi, mwamuna wa Mastewal anafunsa ngati aitane bajaji yobwererera.

"Bajaji yachiyani?" anatero Mastewal, akupereka mwana kwa a Gashe Yirga. "Agogo ake ali ndi galimoto."

A Gashe Yirga anangopukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kunena kuti lubani wa m'tchalitchi anali wambiri.

Inu oyendetsa galimoto, makamaka zing'onozing'ono, kumbukirani kuti mizati yogwira denga imabisa anthu. Musamate kapena kupachika chilichonse m'makona a galasi lakutsogolo. Pamphambano ndi pokhota chepetsani liwiro, sunthani mutu, yang'anani kawiri. Inunso oyenda pansi, musadutse musanaonane maso ndi woyendetsa. Pempherani musananyamuke, ndipo mukanyamuka gwiritsani ntchito maso ndi khosi zimene Mulungu anakupatsani.