Masiki ya Malume

"Tayang'ana kuno," anatero malume, akukankhira magalasi pamphuno pa Chitsirizira ndi chala chawo chathukuta. "Eyaa! Ndi yemwe uja. Ukangovala masiki, ngakhale mayi akowa sangakuzindikire."

Magalasiwo anali a mkulu wake wa Chitsirizira, amene pakhomopo ankamutcha Digiri chimalizireni maphunziro a kuyunivesite chaka chomwecho. Mliri unamutenga sabata yatha, ndipo anamuika m'manda ndi anthu ovala zoyera, abale ataima patali ngati alendo. Malume sanaoneke kuchipatala ngakhale kumanda. Ankati chifuwa chawo n'chofooka. Koma wailesi itangolengeza kuti boma likhululukira ngongole za sukulu kwa omaliza chaka chino, chifuwacho chinachira tsiku lomwelo, mpaka bambowo anakwera basi yodzaza n'kutulukira.

Chinawathamangitsa sichinali chisoni. Ngongole ya Digiri anaisainira ndi iwo. Mwini ngongole akakaonekera yekha ku ofesi ndi chitupa chake, ngongoleyo ifafanizidwa. Koma a ku ofesiwo akamva kuti anamwalira, adzasaka wosainira.

"Ndiye mukuti ndikaime pamzere, ndikanene kuti ndine achemwali?" anafunsa Chitsirizira.

"Dzina lokha basi, n'kusaina. Wakufa angadandaule chiyani? Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndine, ndiye lero andisiyire goli m'khosi?"

Chitsirizira anawayang'anitsitsa malumewo. Kumuphunzitsa! Pa zaka zonse za sukulu, chimene malume anaonongapo ndi inki ya cholembera, ndipo cholemberacho chinali chobwereka. Sopo, nsapato ndi za basi zinkachokera m'makina osokera amene anaima pakona apo, atafundidwa nsalu chigonereni Digiri kuchipatala. Ntchito itasowa chifukwa cha mliri, Digiri ankasoka timasiki pa makinawo, uku akuseka kuti digiri yake yathera m'mphuno za anthu.

"Tayenda ndikuone," malume anapitiriza. "Uja ankayenda mofulumira. Ndipo usakalire kumeneko, wamva? Inunso achemwali," anatembenukira kwa amayi, "chikalata cha imfa chija muchibise kaye."

Amayi anali khale pafupi ndi makina, manja ali pamiyendo. "Achimwene, dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Likauma ndiye alipira ndani? Inu?"

M'magalasimo chipinda chonse chinkaoneka chopindika. Mwendo umodzi wa magalasi unali womangidwa ndi ulusi wakuda, ndipo mfundo yake inkamulasa Chitsirizira kuseri kwa khutu. Akanangopita. Akanasaina, malume n'kusiya kulalata, amayi n'kupuma. Koma anadziona akuyankha "ndine" pa dzina la munthu amene iye anamuona akutsitsidwa m'dzenje.

Anavula magalasi aja n'kuwapinda.

"Achemwali anamwalira, malume. Aliyense wondifunsa ndimuuza zomwezo."

"Taonani mwano wake!" Malume anatsitsira masiki yawo kuchibwano kuti akalipe bwino. Inali ya pepala, yogula m'sitolo, yakuda bii ndi litsiro, ndevu zikutulukira uku ndi uku. Malovu anawazikira patebulo. "Ana osayamika! Mkulu wako yemweyo sanandiganizirepo n'kamodzi komwe. Wangofa n'kundisiya pamoto!"

Chitsirizira anatsegula pakamwa kuti awayankhe zimene zinali kumtima, koma amayi anakweza dzanja. Kenako anavundukula makina aja, fumbi n'kuti koboo. Pansi pa singano panali masiki yosatha kusoka, yaikulu kuposa zonse zimene Digiri ankagulitsa, yokhala ndi thumba lakuya kuchibwano.

"Iyi ndi imene anaisiyira panjira tsiku limene anayamba kubanika," anatero amayi motsitsa. "Anati, 'Za m'sitolo sizikwana ndevu za malume. Ndiwasokere yansalu zitatu, ndi chifuwa chawo chija angatisiye.'"

Malume anayang'ana kudenga, kenako kunsapato zawo.

Amayi anakokera mpando pafupi, anaponda chopondera, makina n'kulira kanthawi kochepa. Anadula ulusi ndi mano, anaiwongola masikiyo ndi chikhatho monga ankachitira Digiri, ndipo anaiika pabondo pa mchimwene wawo.