Kodi Uthengawu Wafika?

A Injiniya sanapondepo pasukulu ya uinjiniya. Dzinalo analitola pa ntchito yokonza makina a fotokope m'maofesi, ndipo atapuma anachoka nalo, monga ena amachokera ndi ambulera ya kampani.

Chaka chomwe anapumacho anatembenuka mtima, koma osati za kutchalitchi. Anamva uthenga wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene saigulitsa, imene aliyense angathe kuivundukula n'kuona zam'kati mwake, ndipo anaulandira ndi manja awiri. Anayambitsa kagulu ka okonda mapulogalamu aufulu, iwo n'kukhala wapampando. Mamembala ena awiriwo anagawana maudindo otsala.

Tsono Loweruka lina, akazi awo atapita kumsika, a Injiniya anasesa zonse za m'kompyuta ya pabalaza n'kuikamo Linux. Zithunzi anasunga. Nyimbo anasunga. Chimene anaiwala chinali kapulogalamu kolemberana mauthenga.

Akazi awo makutu anayamba kuwavuta kalekale. Poyamba ankati wailesi ndiyo yafooka. Kenako foni inasanduka chinthu choika pakhutu n'kumangoti "eya, eya", nkhani ikhale ya ukwati kapena ya maliro. Tizilembo ta pa foni tinali tochepa kwa zala zawo za nyamakazi. Choncho ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino wokhala kumzinda wakutali, ankacheza pa kompyuta ya pabalazayo, polemberana. Mwanayo anali ndi pathupi poyamba, ndipo mwezi wake unali utayandikira.

Mayiwo atabwera kumsika anakhala pampando wawo, n'kuyang'ana sikirini, n'kupukuta magalasi, n'kuyang'ananso.

"Bambo, mwana ali kuti?"

"Ali kwawo!" anakuwa a Injiniya.

"Ndikunena muno. Ankakhala pakona apa."

"Amayi, kompyutayi tsopano ili pa ufulu! Palibenso kampani yotilamulira!"

"Musakuwe. Ndikuona pakamwa panupo kuti mukunena zikuluzikulu. Ine ndikufuna mwana wanga."

A Injiniya anafufuza, napeza kuti eni kapulogalamu kaja sanapange kogwira pa Linux. Njira yachidule inalipo, yobwezeretsa zakale zija, koma wapampando sabwerera m'mbuyo mamembala akuona. Analonjeza kuti apeza pulogalamu ina yoposa ija, yogwira pa kompyutayo ndi pa foni ya mwana yomwe. Analumbira atagwira pachifuwa, ndipo akazi awo anayang'ana dzanjalo mosakhutira.

Pulogalamu yolemberana siyesedwa ndi munthu mmodzi. A Injiniya anatenga laputopu yawo yakale n'kukakhala nayo kuchipinda, natseka chitseko kuti mayeso akhale oona. Mayi anatsala pabalaza. Lamulo linali lakuti bambo alembe kuti "Kodi uthengawu wafika?" ndipo mayi ayankhe kuti "Wafika."

Yoyamba inali ndi zilembo ngati nyerere. Mayi anati akadafuna nyerere akanapita kukabati ya shuga. Yachiwiri inali ndi belu lokoma kwabasi, lolira uthenga ukafika. A Injiniya anatumiza uthenga, nalimva belulo kudzera pakhoma, nadikira, nadikirabe. Atatuluka anapeza akazi awo akupinda zovala pafupi penipeni ndi kompyuta, ali phee, belu likudzilirira lokha. Anabwerera kuchipinda. Yachitatu anaibweretsa a Mlembi a kagulu kaja, munthu wokhulupirira kuti dziko lonse likufuna kuwerenga mauthenga ake. Imeneyo inkafuna kuti anthu awiri ayambe awerengerana manambala achinsinsi ataliatali asanapatsane moni. Mayi anafunsa ngati akutsegula banki.

Kenako inapezeka. Zilembo zake zinkakula mpaka ngati za pachikwangwani, uthenga ukafika m'mphepete monse mwa sikirini munkathwanima chikasu, ndipo inalipo ya pa foni.

"Kodi uthengawu wafika?" analemba a Injiniya ali kuchipinda.

"Wafika. Mwatseka chitseko ngati mukusintha zovala."

"Ndi lamulo la mayeso."

"Chabwino. Malaya mwavalawo akukukhalani."

A Injiniya anayang'ana malayawo. Munthu amene ankaimika mabwana pakhonde n'kuwaphunzitsa kaikidwe ka mapepala anangokhala zala zili m'malere.

M'nyumbamo nkhani zinali zitafupika kwa zaka zambiri. Zimene zinatsala ndi zotheka kukuwa: "Tiyi!" "Makiyi!" "Ndapita!" Mawu ena sakuwika. Munthu sungaime pakati pa balaza, aneba akumva, n'kufuula kuti usiku unalota malemu mchimwene wako.

"Munagula ndinu," analemba pomaliza.

"Ndikudziwa. Ndikudziyamikira ndekha."

Mayesowo anatalika. Mayi anasimba za mkazi wa telala wa pakona, amene anasiya moni chifukwa cha chingwe choyanikira zovala, nkhani imene inali itatha kale a Injiniya osaidziwa n'komwe. Iwo analemba za bondo lawo, kuti limawawa pokwera masitepe, ndipo ankabisa poopa kuoneka nkhalamba. Mayi anayankha kuti bondolo ankalidziwa, popeza munthu wabwinobwino saima pa sitepe iliyonse n'kumasirira denga. A Injiniya analemba kuti nthawi zina amasowa fungo la inki. Analembanso kuti sadziwa kanyamulidwe ka khanda, poti pamene mwana wawo anali khanda iwo ankangokhalira m'maofesi a eni. Kenako analemba kanthu kena ka masiku a chibwenzi chawo, ka nsapato zobwereka zimene zinawathina tsiku lokaonekera kwa akuchikazi, ndipo kudzera pakhoma anamva akazi awo akuseka. Kunali kuseka kwenikweni, kotsokomola nako. Anali ataiwala kuti kumamveka choncho.

Chotsala chinali chaching'ono: kutumizira mwana uthenga womuitana kuti alowe. A Injiniya anaika chala pa batani, n'kuyamba kuganiza. Mwana akalowa, nkhani zidzakhala za matewera, za mayina, za kusikelo, zithunzi za kaphazi. Iwo adzabwerera pa "Tiyi!"

Anatuluka kuchipinda nkhope ili ya wapampando.

"Ili ndi vuto la chitetezo!" anakuwa, naichotsa.

Mayeso anapitirira masiku otsatirawo. Mapulogalamu ake anali oipiraipira, ina yozima yokha, ina yofikitsa uthenga wa m'mawa nthawi ya nkhomaliro, koma mayi ankalembabe, ndipo a Injiniya ankadzuka ndi changu cha mnyamata wopita kukaonana ndi bwenzi. Kwa a Mlembi ananena kuti kafukufuku ngwakuya.

Masana ena foni yawo inalira. Anali mwana.

"Adadi, amayi mwawabisa kuti?"

"Tili pa gawo la mayeso, mwanawe."

"Mayeso mpaka liti? Mdzukulu wanuyu sadikira komiti. Miyendo yatupa, sindikugona, ndipo ndili ndi zofunsa amayi."

"Undiuze ine, ndiwafikitsira."

"Adadi, ndine namwino, zam'mabuku ndikuzidziwa. Ndikufuna amayi."

A Injiniya anapita pabalaza. "Akuti miyendo yatupa!"

"Iti? Yonse? Mutu ukumuwawa? Akuona bwino? Mufunseni ngati..." Mayi anaima. Anayang'ana amuna awo, ndi foni ili m'manja mwawomo, napukusa mutu. "Zina sizidzera mwa bambo."

Mayi anabwerera pa ntchito yawo. Pa tebulo panali tizovala ta khanda tomwe anagula kumsika, ndipo ankatipinda ndi zala zawo zopindikazo, n'kutifunyulula, n'kutipindanso. Sanadandaule. A Injiniya akadakonda atakalipiridwa.

Apa mapulogalamu oti ayese anali atatha. Kunena zoona, a Injiniya anali atatsimikiza mtima kubwezeretsa yabwino ija. Chimene sakanatha n'kuvomera kuti vuto la chitetezo lija linali la m'mutu mwawo. Choncho anaiikanso mwakachetechete mayi ali kubafa, n'kuisintha mtundu kuchoka pa woyera kukhala wakuda, n'kulengeza kuti apeza yatsopano, yochokera kwa akatswiri ena. Anati aiyesa tsiku limodzi lokha, mwina awiri, kenako aitana mwana.

Anakhala kuchipinda, natseka chitseko.

"Kodi uthengawu wafika?"

Yankho linachedwa. Kenako linabwera.

"Wafika. Bambo, yatsopanoyi ndi yaufiti."

"Chifukwa?"

"Ikudziwa za bondo lanu."

A Injiniya anakweza tsamba m'mwamba. Zonse zinali pomwepo: malaya, mkazi wa telala, fungo la inki, nsapato zobwereka. Pulogalamuyo inali itasunga nkhani zawo zonse, ndipo atangolowanso ndi dzina lomwe lija inazibweza mokhulupirika, monga inalonjezera m'malangizo amene iwo sanawerenge.

Anayamba kulemba ndime yofotokoza mmene mauthenga amasungidwira kutali. Asanafike pakati, chikasu chinathwanima.

"Musandiphunzitse. Ndi yomwe ija mwaiveka jekete. Inali yabwino kuyambira tsiku lija, eti?"

"Inali yabwino."

"Nanga?"

Analemba, nafufuta. Analembanso, nafufutanso.

"Ndikuona kuti mukulemba n'kufufuta," anatero mayi. "Zimenezonso imaonetsa."

A Injiniya anayang'ana chitseko. Kukuwa sikukanatheka, kuthawa ayi. Analemba ndi chala chimodzi.

"Ndimaopa kuti mwana akalowa, ine ndituluka."

Pabalaza mpando unakwekwereka. Iwo anakonza kolala, kudikira kuti chitseko chitseguke. Sichinatseguke. Anamva mpope wa kukhitchini ukutsegulidwa, ketulo ikuikidwa pamoto, mpando ukukwekwerekanso.

"Inu a Injiniya." Mayi sankawatchula choncho pokhapokha nkhani ikakhala yoti munthu aimirire. "Pulogalamu yanuyi imanyamula anthu angati?"

"Mazanamazana."

"Ndiye inu ndi mwana, awiri okha, muilemera?"

"Ayi."

"Mwana wanga wakhala akutupa miyendo yekhayekha inu mukundichezetsa za nsapato. Zimenezo ndakwiya nazo, ndipo ndikwiyabe mpaka mawa. Muitaneni panopa."

Anamuitana. Sipanatenge nthawi, dzina la mwana linatulukira pambali, ndipo pabalaza panayamba phokoso la mabatani ngati mvula pamalata. Zala za nyamakazi zija zinali kuthamanga. Panamveka "Ayi iwe!", kenako kuseka, kenako kachetechete wautali, kenako mabatani kachiwiri.

Kuchipinda sikirini inali zii. A Injiniya anaipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Anakonza mapilo. Anaganiza zolembera a Mlembi lipoti la kafukufuku, koma anakumbukira kuti a Mlembi angafune kuti ayambe awerengerana manambala. Dzuwa linachoka pa bedi n'kukwera khoma. Iwo anakhalabe, manja ali pa maondo, ngati munthu wodikira basi imene wauzidwa kale kuti yadutsa.

Chikasu chinathwanima.

"Kodi uthengawu wafika?"

Anatsala pang'ono kugwetsa laputopu. "Wafika."

"Mwana ali bwino. Mawa apita kukapimitsa, ndamuuza zoti akanene. Akuti muyambe kuyeserera kunyamula pilo."

"Ndiyamba lero."

"Tiyi akuzizira. Bwerani nayo laputopu yanuyo kuno, mayeso anatha. Ya mkazi wa telala ija ili ndi chigawo chachiwiri."

A Injiniya ananyamula laputopu, chingwe chikukokeka pansi, nakaiika pa tebulo la pabalaza pafupi ndi tizovala tija. Anakhala moyandikana mpaka zigongono kugundana. Mayi anawathirira tiyi osawayang'ana, poti mkwiyo unali udakali ndi tsiku lathunthu, kenako anakonza magalasi n'kuyamba kulemba.