Simbi Yoluma

"Amayi, tadikirani, ndatsala pang'ono kuwapeza," anatero mwana wawo, kalaliki, akutembenuza masamba a dikishonale ndi chala chonyowetsa mate.

Kalata yachizungu imene ankafufuza mawu ake inali patebulo. Mkazi wake, amene ankasita zovala kuhotela, anabwera nayo dzulo lake. Bwana anamupatsa mpaka thu koloko kuti ayankhe molemba, apo ayi ntchito yatha. Apa n'kuti nthawi itapitirira leveni.

"Awa! 'Outburst.' Kutuluka kwa chinthu mwadzidzidzi ndiponso mwamphamvu. Ukhoza kukhala mkwiyo, misozi, ngakhale chiseko. Ndiye funso nali: bwanayu akunena chiti?"

"Akuchotsa munthu ntchito chifukwa choseka?" anafunsa amayi ake. "Sukulu yonse ija ndinakulipirira kuti uzindiuza zimenezi?"

"Amayi, chizungu sachithamangira."

"Koma wotchi ikuthamanga."

Anatembenukira kwa mpongozi wawo, amene anangokhala pampando wapakona, dzanja lamanja atalikulunga m'kansalu.

"Mwananga, unatani?"

"Ndinakalipa, amayi. Pamaso pa alendo."

"Iweyo? Ndi pakamwa pako pomwe timachita kupempha moni? Mkaka sungosefukira, pansi pamakhala moto. Tamasula dzanjalo."

Anamasula. Pachikhatho panali thuza lalikulu, lotuwa.

"Simbi yathu chingwe chinasupuka. Miyezi itatu magetsi akundigwira. Ndinawauza akapitawo kasanu, mwaulemu. Dzulo inathetheka moto m'manja mwanga, iwo n'kuyamba kundifunsa za malaya a mlendo amene anapsa. Basi zonse zinangotuluka."

Kalaliki anachotsa magalasi. "Nanga inu, bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani, bambo. Nditati simbi ikundimenya shoko, munati ndisamati 'shoko', si chizungu chabwino."

Amayi aja anatambasula dzanja, n'kutseka dikishonale ija kuti phaa, n'kuikhalira.

"Tenga cholembera. Lemba kuti anakalipadi, ndipo akupepesa kwa alendowo. Kenako ulembe masiku asanu aja, limodzilimodzi. Chingwe. Dzanja. Pomaliza ufunse kuti simbi ina ibwera liti."

"Ndiyambe ndi mawu oti..."

"Uyambe ndi tsiku la lero!"

Analemba. Mkazi wake ankatchula masikuwo osadodoma, ngati mayina a ana ake. Pomwe imakwana wani koloko kalata inali mu envelopu, ndipo amayi anali atavala kale nsapato.

"Ndimuperekeza ndekha. Bwanayo akaone dzanjali ndili pompo."

Ali pakhomo anacheuka. Mwana wawo anali akusuzumira pampando pamene panatsala dikishonale.

"Iwe, mawu aja wawapeza, tathokoza. Koma munthu ukugona naye nyumba imodzi wakhala akupsa miyezi itatu iwe osaona. Tikabwerako, bukulo likhale pashelefu. Mkazi wako akamayankhula, chonde uzimumva asanafike pophulika."