Buku Lomwe Che Twaibu Anasuta

Che Twaibu ankasoka ukonde womwe sunang'ambike. Aliyense pa Kachulu ankadziwa zimenezi, koma panalibe wowatulukira. Dzuwa likapendeka, amayi akamaliza kutembenuza matemba pa mathandala, iwo ankakoka ukonde wawo n'kukakhala kuseri kwa bwato lakale lobooka, pomwe mawu a mwana wawo Rehema ankafika bwinobwino koma maso a anthu osawaona.

Rehema anali mu fomu thuu. Tchuthi chimenecho anali ndi mabuku atatu a Chingerezi omwe azakhali ake anamutolera pamulu wa mabuku akale mumsika wa Zomba. Onse atatu ankanena za mtsikana mmodzi, wachifwamba wa panyanja, wa msinkhu wa Rehema yemweyo, yemwe ankalamula zibambo zandevu pa chombo cha matanga. Akaimbira mphepo nyimbo, mphepo inkamumvera. Ankalanda katundu wa mafumu aumbombo, koma chomwe ankafuna kwenikweni anali bambo ake, omwe anatengedwa ndi chilumba choyenda chokha pamadzi. Dzina lake la m'bukumo linali lothyola lilime, ndiye amayi a pa mathandala anangomutcha Amina.

Rehema ankawerenga mizere ingapo chamumtima, n'kudzutsa mutu, n'kuinena m'Chinyanja, manja ali m'mwamba ngati wogwira lupanga ndi iyeyo. Amayi ake, a Hadija, ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti mwana wamkazi wongoyenda ndi amuna pamadzi adzakwatiwa ndi ndani, koma ndiwo ankayamba kufika. Che Twaibu nawo ankati zonsezi ndi mabodza a azungu. Komatu tsiku lomwe Amina anagwidwa n'kumangidwa pamtengo wa thanga, bambowa anasokera ukonde ku thalauza lawo.

Mabuku awiri anatha, lachitatu linafika pakati, ndipo nthawi yopita kunyanja inakwana. Che Twaibu ankapha nsomba kutali, komwe asodzi amamanga zimbowera, timisasa ta udzu toyandama pakati pa mabango, n'kumakhala komweko mpaka dengu lidzaze. M'mawa wonyamukawo anapeza fodya wawo wa chingambwe ali pomwe anamusiya, koma nyuzi yopichirira, a Hadija anali atayatsira mbaula. Rehema anali kumjigo. Buku lachitatu lija linali pamphasa, lopanda chikuto, masamba ake ofewa bwino.

Munthuyu sanali wankhanza, ayi. Anaganiza kaye. Anati zakumayambiriro mwanayu anawerenga kale, tonse tinazimva, kuchotsako masamba ochepa sikupha munthu. Vuto linali limodzi. Sukulu yomwe Che Twaibu anapondako ndi ya madarasa yokha, ndipo mabuku a kumeneko amayambira komwe a kusukulu amathera. Poti nkhani ya Amina ankaimvera kuseri kwa bwato, anali asanaonepo mbali yomwe Rehema ankatsegulira. Ndiye anagwira bukulo mwaulemu monga anawaphunzitsira mwalimu wawo, n'kutsegula pomwe iwo ankati ndi poyambira, n'kung'amba mosamala. Anapita kunyanja mtima uli mbee, mapeto a nkhani ali m'thumba.

Kuchimbowera zinthu zinayenda. Milamba inkakodwa yonona, udzudzu unali wochepa, ndipo fodya ankakoma kuposa masiku onse. Mnzawo wogona naye msasa umodzi anali a Wilisoni a ku chilumba cha Chisi, omwe analekezera sitandade seveni ndipo anali ndi khalidwe lowerenga pepala lililonse asanaliyatse. Masana ena, atatha kuwamba nsomba, anapempha pepala. Che Twaibu anawapatsa tsamba lomaliza lomwe linatsala. A Wilisoni analiyang'ana, n'kulitembenuza, n'kuyamba kuseka mpaka msasa kugwedera.

"Achimwene, mwati munang'amba kumayambiriro? Nanga nambala yaikulu chonchi? Onani apa m'munsimu, alemba kuti nkhani yathera pano."

Che Twaibu anakana. A Wilisoni anawaonetsa ndi manja momwe buku la kusukulu limatsegukira, ndipo kukana kunathera pomwepo. Ndudu yomwe inali pakamwa pawo inawawa ngati ndulu ya mlamba. Analanda tsambalo, n'kulikulunga m'kajumbo ka shuga, n'kuliika m'chipewa.

Kuyambira tsiku limenelo nsomba zinkakodwabe, koma mwini wake sankazionanso. Anaganiza zokagula buku lina, koma pamulu wa ku Zomba paja buku silikhala ndi mnzake. Anaganiza zonamizira makoswe, koma khoswe wanji wong'amba mowongoka chonchija? Pakamwa pa a Hadija sankapaopa, anapazolowera. Chomwe chinkawadya chinali Rehema. Mwanayu akakwiya salankhula, amangokupatsa madzi osamba mwaulemu n'kuchokapo. Ndipo kunena zoona, iwonso ankafuna kudziwa ngati Amina anawapeza bambo ake. Yankho lake anali atalisuta okha, tsamba ndi tsamba.

Anafika pa Kachulu dzuwa litapendeka, bwato litalemera. A Hadija anawalandira ndi nkhani yoti lero ndiye tikumaliza buku lija, mwana wakana masiku onsewa kutsiriza, akuti adikire abambo ake. Anawonjezera kuti sakudziwa chifukwa chake, poti abambo akewo samvera mabodza a azungu. Che Twaibu anatsokomola, n'kutenga ukonde wawo, n'kupita kuseri kwa bwato ngati munthu wopita kubwalo la milandu.

Rehema anayamba monga mwa masiku onse. Chombo cha Amina chinathyola namondwe, chilumba choyenda chija chinaonekera patali, amayi anasendera pafupi. Kenaka phokoso la masamba linasiya. Kwa nthawi yoyamba, Che Twaibu anasuzumira pamwamba pa bwato. Chala cha Rehema chinali pa timano ta mapepala ong'ambidwa. Nkhope yake sinadabwe ngakhale pang'ono, kusonyeza kuti anali ataona kalekale. Anatseka bukulo, n'kuyang'ana kunyanja, n'kupitiriza.

Anati nyanja ija inayamba kuphwa mpaka madzi kulekeza m'chiuno. Matanga anagwa ulesi, ndipo mphepo inakana nyimbo. Zibambo zandevu zija zinati tibwerere, koma Amina anadula nsungwi yaitali n'kuyamba kukankha chombo yekha, kulowa m'mabango. Amayi ena anayang'anana, wina n'kunong'ona kuti kodi kwa azungunso kuli mabango? Rehema sanawamve. Anati Amina atafika pachilumba choyenda chija anapeza kuti si chilumba, ndi chimbowera. Pakhomo pake panakhala bambo ake, owonda, osameta, akusuta. Zaka zonsezi sanabwerere chifukwa pepala lojambulidwa njira ya kwawo anapichirira fodya.

Mathandala anagwedezeka ndi phwete. A Hadija anaomba m'manja n'kunena kuti amuna ndi amodzi dziko lonse. Koma Rehema sanaseke. Anati Amina anasolola lupanga lake, ndipo phwete lija linazima. Kuseri kwa bwato, Che Twaibu anaika ukonde pansi.

"Anadula chingwe chomwe chinamanga msasawo ku mabango," anatero Rehema motsitsa mawu. "Ndiye anati, 'Ababa, kwerani. Njira ndikuidziwa ine.'"

Amayi anabalalika akukangana, ena akuti bambo wotero akanamusiya komweko, ena akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Rehema anatsalira akusonkhanitsa matemba. Che Twaibu anabwera pang'onopang'ono, opanda ukonde, n'kuvula chipewa, n'kutulutsa kajumbo kaja. Mawu omwe anakonza njira yonse anawathawa. Anangoti anayesa kuti ndi kumayambiriro.

"Ndinadziwa, ababa. Ndinalira tsiku loyamba. Kenaka ndinakumbukira momwe mumatsegulira mabuku anu a kumadarasa aja."

Analandira tsambalo n'kuliwongola pabondo. Analiwerenga lonse, mbali zonse ziwiri, milomo ikuyenda pang'ono, bambo ake ataima ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Atamaliza, Che Twaibu analephera kupirira n'kufunsa kuti nanga eni ake a bukulo akuti zinatha bwanji.

"Mwa eni akewa, anakapeza manda okha."

Kumtunda minibasi ya ku Zomba inkaitanira anthu. Rehema analipinda tsambalo pakati, n'kulibweza m'dzanja la bambo ake.

"Sutani, ababa. Zathu zija ndiye zoona."

Che Twaibu anakhala pansi pomwepo, pambali pa mwana wawo, poonekera aliyense. Anang'amba tsambalo pawiri, theka n'kusungira a Wilisoni, theka n'kupichira bwinobwino. Utsi unakwera pamwamba pa mathandala, n'kulowera cha ku Chisi, ndipo Rehema anapitiriza kuwola matemba.