Mitovu Iwiri ya M'thumba

Pampu ya sikimu yothirira ya kufupi ndi Champhira inasowa mu Ogasiti, tomato atangoyamba maluwa. Jonasi, amene ankaiyang'anira, anati tcheni chimene anaimangira chinaduka, pampu n'kugwera pansi pa damu. Linily Jere, wapampando wa sikimuyo, sanamutsutse pagulu, koma mtima wake unakana. Pampu zotere sizichedwa kupeza wogula ku Jenda, ndipo Jonasi ankayankha mafunso maso ali kumapazi.

Choncho Linily anaitanitsa Yoram wa ku Boma, amene anagwirapo ntchito yomira pansi pa nyanja ku Kepitauni. Anafika m'mawa pa pikiapu, ali ndi silinda ya mpweya, chovala cha labala, jekete yopopa ndi lamba wa mitovu. Nayenso Linily sanamukhulupirire kwenikweni. Munthuyo anayala mitovu isanu ndi umodzi pa thumba la feteleza, n'kumaiyesa kulemera m'manja ngati akugula mbatata, kenako analowetsa inayi yokha pa lamba.

"Ba Yoram, iwiriyo mukuisiyiranji?" anafunsa Linily. "Kapena simukufuna kufika pansi?"

"Amama, awa si madzi amchere. Amchere amamunyamula munthu, awa ayi. Ndikachulutsa mtovu ndikatitimira m'matope, kubwerako n'kovuta. Ndikachepetsa ndingoyandama ngati chigubu."

"Onjezerani, adada," anatero Jonasi. "Damu ili n'lakuya chomene."

Yoram anapita kuseri kwa bango kukavala, Linily n'kukachingamira amayi amene ankabwera ndi chingwe chokokera pampu. Potembenuka anaona Jonasi atawerama pa katundu wa mlendoyo. Maso atakumana, Jonasi anadzuka n'kuyamba kusasa fumbi pa buluku.

Yoram analowa m'madzi, nasambira mpaka pamene mapazi sankagundanso pansi. "Ndiyese kaye," anatero. "Ndikachotsa mpweya mu jekete, madzi andilekeze m'maso. Ndikapumira kunja, mbwenu ndizimira pang'onopang'ono."

Anachotsa mpweyawo, ndipo nthawi yomweyo anazimiririka ngati wakokedwa mwendo. Amayi anagwirana manja. Patapita kanthawi anatulukira, jekete itafufuma, nasambira kubwera kumtunda. Anapisa m'matumba a jekete, natulutsa mitovu iwiri ija, n'kuiponya pa udzu.

"Waika izi ndani?" anafunsa Yoram.

Linily anangoyang'ana Jonasi.

"Ndine," anatero Jonasi. "Ndimaopa kuti akalephera kufika pansi, nonse muziti ndinagulitsa pampu. Ndikudziwa zimene mukunena kumbali."

"Kapena mumafuna afike pansi osabwerako?" anafunsa Linily motsitsa mawu.

Jonasi anakhala pansi, manja kumutu. Yoram anapempha Linily kuti agwire mitovu iwiriyo m'manja mwake ndipo asaisiye. Anawerenganso ya pa lamba, nabwerera m'madzi. Ulendo uno madzi anamulekeza pakati pa galasi la kumaso. Anapumira kunja, mutu unalowa pang'onopang'ono, chingwe chikumutsatira.

Linily anaima pakati pa Jonasi ndi chingwecho, maso ali pa thovu limene linkayenda cha ku khoma la damu. Mitovu inamulemera m'manja, koma sanaiike pansi. Patatha mphindi ngati makumi awiri chingwe chinagwedezeka katatu. Azibambo anakoka, ndipo pampu inatuluka ili matope okhaokha, kachidutswa ka tcheni kakulendewera.

Yoram atavula galasi, Linily anamutengera pambali n'kumuonetsa poduka pa tchenicho. "Apa ndi dzimbiri kapena sowo?"

Yoram anapala ndi chikhadabo. "Dzimbiri lilipo lambiri. Koma miyezi iwiri m'madzi, ngakhale podula ndi sowo pamachita dzimbiri. Sindinganame kuti ndikudziwa."

Anthu anayamba kumupepesa Jonasi, ena akumugwira chanza. Linily anati yewo kwa Yoram, namubwezera mitovu yake. Kwa Jonasi anangoti ntchito apitirize, koma kiyi ya kanyumba ka pampu izikhala kwa wapampando, ndipo tcheni chatsopano akachimange pali anthu atatu. Jonasi anapereka kiyiyo. Linily anaimangirira pa nsonga ya chitenje, natsogolera amayi kukatsuka pampu.