Njala ya Lachitatu

Kodi mungalote chifukwa chimene munthu wosala kudya angatsekere shopu yake dzuwa lili paliwombo, n'kuyenda ulendo wonse wobwerera kunyumba, n'kusamba m'manja, n'kukhala pathebulo pamene pali chakudya choti iye sadya? Bambo ena, kalipentala wa mipando ndi zitseko, ankachita zimenezi Lachitatu lililonse. Masiku ena onse ankadyera kushopu komweko, pakati pa utuchi.

Tsopano linali Lachitatu loyamba chiwaikire m'manda. Anthu a pamaliro anali atabalalika, ndipo mabenchi obwereka kutchalitchi anali atawunjikidwa pakhonde kudikira galimoto. Mwana wamkazi wa malemu, amene anali namwino, analowa m'chipinda chodyera atanyamula mbale ya mpunga ndi nyemba.

"Amayi, chakudya ichi."

Mayi ake anali pampando wawo wa masiku onse, moyang'anana ndi mpando wopanda munthu. Sanatembenuke.

"Lero ndi Lachitatu," anatero.

"Ndikudziwa. Koma mapiritsi a shuga mwameza m'mawa, ndipo buledi ndinakusiyirani uja ndamupeza ali momwemo. Mukapanda kudya, shuga atsika. Mukomoka, amayi."

"Vundikira mbaleyo, ntchentche zingaterepo."

Apo n'kuti mchimwene wake wa namwinoyo, mkulu wa mpingo, akulowa kuchokera pakhonde, Baibulo lili kukhwapa. Ndiye amene analankhula kumanda m'malo mwa banja. Anauza khamu lonse kuti bambo ake ankakhala dala pafupi ndi chakudya tsiku losala, kuti Satana achite manyazi. Anthu anavomera ndi "Ameni" wamphamvu, ena mpaka kulira.

"Mlongo, asiye amayi," iye anatero mofatsa. "Akutsata mapazi a bambo. Ife bwenzi tikuthokoza."

"Achimwene, taika munthu masiku omwewa. Mukufuna tikakumbenso dzenje lina?"

"Vuto lako ndi limenelo. Chiyambire kuvala yunifolomu, Mulungu wako ndi jakisoni."

"Ndipo wanu ndi maikolofoni."

Mawuwo atatuluka, namwinoyo anachita nawo manyazi, koma sanawabweze. Zinali zoona kuti anasiya kupemphera kalekale. Muwodi momwe ankagwira ntchito anaona anthu ambiri akutsirizika achibale ali chigwadire pambali pa bedi, ndipo pang'ono ndi pang'ono mawondo ake anauma, osafunanso kugwada. Bambo ake sanamudzudzulepo. Komabe iye mumtima ankawakwiyira. Ankaona mmene malaya ankawakulira chaka ndi chaka, ndipo ankati munthu wokoka sowo tsiku lonse wopanda kanthu m'mimba akudzipha yekha. Ngakhale pamaliro, mkwiyo umenewo unamutsekereza misozi.

Anayang'ana mayi ake. Pamphumi pawo panali patayamba kutuluka thukuta, ndipo dzanja limene anatsamiritsa pathebulo linkanjenjemera.

"Taonani dzanjalo, achimwene. Chimenecho ndi chikhulupiriro kapena ndi shuga?"

Mchimwene wakeyo analiyang'ana, nkhope yake n'kusintha. Anaika Baibulo pakabati.

"Amayi," anatero, "mwina mulawe pang'ono. Kusalako kunali kwa bambo. Inu simunasalepo."

"Kunali kwa ndani?" mayiwo anafunsa.

Anawo anayang'anana.

"Khalani pansi nonse," anatero mayiwo. "Mwandiimirira ngati apolisi."

Anakhala. Mpando wa malemu palibe anaukhudza.

"Iwe," mayiwo analoza namwinoyo ndi chibwano, "uli wakhanda unadwala chibayo. Madokotala anachita zawo zonse, kenaka anayamba kutilankhula moyang'ana pansi. Tsikulo linali Lachitatu. Ndinagwada pakhonde la chipatala, ndinawinda kwa Mulungu kuti akandisiyira mwana ameneyu, sindidzadya Lachitatu moyo wanga wonse, kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa. Unachira. Ndipo ndinayamba kusala."

"Inuyo?"

"Ineyo. Koma ndinali kuyamwitsa. Mkaka unayamba kuchepa, ine chizungulire chosatha. Tsiku lina bambo ako anandipeza nditagwa pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Atandidzutsa anati, 'Mayi a ana, paja adati ine ndi inu ndife thupi limodzi. Ngati thupi ndi limodzi, mimba yanga ikhoza kumva njala ya inu. Chowindacho ndipatseni.' Ndinakana. Iwo anagwada pomwepo, pafumbi, n'kumuuza Mulungu okha kuti asenza ndi iwo."

Panja wina anali kukoka benchi pasimenti.

"Tsono wosenza uja wapita," mayiwo anapitiriza. "Katundu wabwerera kwa mwini wake."

"Amayi, lonjezo la mfumu ija linadulitsa mutu wa Yohane," anatero namwinoyo. "Mukuganiza kuti Mulungu angakondwe mutagwa pano? Kapena mukuopa kuti mukadya, ine ndifa?"

"Sindikuopa kanthu. Mulungu si wakatapira. Koma anandimvera tsiku limene ndinalibe wina wondimvera. Ndingamuuze bwanji lero kuti zija zinatha?"

Mkulu wa mpingo uja anakonza kukhosi.

"Ndisenza ine, amayi. Ndine woyamba kubadwa."

Mayiwo anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire malirowo, milomo yawo inafuna kumwetulira.

"Sansa kaye nyenyeswa za buledi pa tayi yakoyo, mwanawe. Lero wadya kale."

Iye anayang'ana pachifuwa pake, n'kusansa mwakachetechete.

Namwinoyo anazindikira kuti mwa ana awiriwo iye yekha ndiye sanalawe kanthu chidzukire. Sichinali chifukwa cha kupembedza ayi. M'mawa wonse anatanganidwa ndi kutsuka miphika ya pamaliro. Anakumbukira mashifiti ake aatali, kuthamanga muwodi, fungo la chakudya cha odwala masana. Anakumbukiranso kangati konse kamene anawauza bambo ake kuti kusala kudya n'kwa anthu osadziwa mmene thupi limagwirira ntchito, iwo n'kungoseka, n'kumufunsa ngati iyeyo wadya.

"Ine sindidziwanso kupemphera," anatero motsitsa mawu.

"Bambo ako ankadziwa? Munthu uja pemphero lake linali lalifupi ngati msomali. Ankangoti, 'Ambuye, ndabwera m'malo mwa mkazi wanga.' Basi."

"Nanga ngati ndilibe chikhulupiriro?"

"Njala udzaimva ndithu. Zinazo muzikakambirana awiri, iwe ndi Mulungu."

Namwinoyo anayang'ana mpando wopanda munthu uja. Kenaka anadzuka, n'kupita kukasamba m'manja. Atabwerera anakoka mpando wa malemu, n'kukhalapo. Mpandowo unali wosalala m'mbali, pamene zikhatho za mwini wake zinkagwira. Anatseka maso, n'kunong'ona pemphero lalifupi, ndipo misozi imene inakana kumanda ija inatsika yokha.

Atatsegula maso, anakankhira mbale ija patsogolo pa mayi ake, n'kuwapatsa supuni. Mayiwo anatapa kawiri, katatu, n'kuika supuniyo pansi.

"Ndakhuta. Pita ukapumule, mwanawe, zotsalazi ndimaliza bwino lino."

"Sindichoka pano mpaka mbaleyi iyere."

Mayiwo anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo wakuda.

"Ndi mawu a bambo ako amenewo," anatero, n'kutolanso supuni.

Bambo aja ankamudziwa mkazi wawo: akanasiyidwa yekha, akanasala mobisa. Ankabwera kunyumba Lachitatu masana kudzaonetsetsa kuti wadya.